Akuti kulumala kwanga ndi 11% basi koma dzanja lonse silikugwira, nditani abale?

Kalipentala_Turf

Moni abale nonse. Pepani ndilemba zambirimbiri komanso ndikutayipa ndi dzanja lamanja lomwe sindinalizolowere, ine ndine wamanzere chibadwire, nde zilembo zikamasokonekera musandiseke.

Ndimagwira ntchito ya ukalipentala pa kampani ina yopanga makabati a kukhitchini mbali ya ku Booysens kuno ku Joni, chaka chino nchachisanu. Mwezi wa Malichi sowo ya patebulo ija inandidya dzanja lamanzere. Chotchingira mpeni wake anachichotsa kalekale ati chimachedwetsa ntchito, aliyense mu shopu muja akudziwa, nde tsikulo thabwa linakana nkubwerera mmbuyo dzanja nkupita pa mpeni. Chala chamkombaphala chinaduka mfundo ziwiri, chapakati chinaduka nsonga, komanso mpeni unang'amba chikhatho kuchokera pakati pa zala mpaka mmunsi mwa chala chachikulu. Opaleshoni anandipanga kawiri, mafizo ndayenda miyezi inayi.

Kunena chilungamo bwana anakanena za ngoziyo, mafomu anadzaza, kuchipatala sindinatulutse ndi randi imodzi yomwe ndipo miyezi itatu yoyamba ka 75% ka malipiro kanga kamabwera ndithu. Mavuto ayamba atanditumiza kwa dokotala yemwe kampani imatumizako anthu ake onse ovulala. Mkulu ameneyu sanathe nane ndi mphindi 10 zomwe. Anangoyang'ana zipsera nkuti pinda zala, ine kupinda mmene ndikanathera, iye nkuti wapola uyu, basi nkulemba lipoti lomaliza. Sanandifunse kuti dzanja lomwe ndimagwirira ntchito ndi liti, sanandipatse kanthu koti ndifinye aone mphamvu. Sabata yathayi kalata yabwera, akuti kulumala kwanga ndi 11% ndipo andipatsa R42 900 kamodzi n'kamodzi nkhani yathera pomwepo. Ine ndimalandira R7 800 pamwezi.

Abale anga zala zodukazo sizomwe zikundiliza. Chala chachikulu sichikupindika kufika pokhudza zinzake, theka la chikhatho ndi dzanzi lokhalokha moti tsiku lina ndinagwira poto wapamoto ndinadziwira kununkha kuti ndapsa. Hamala ndikamenya kawiri kachitatu imapulumuka yokha. Sikulu yaing'ono patebulo sindingaitole, ndimachita kuikokera kumphepete igwere mdzanja linali. Nsima yokha ndiyomwe ndapulumukira poti mayi anga anandimenya ndili mwana mpaka ndinazolowera kudya ndi lamanja, koma mabatani a shati amandimangira mnzanga yemwe timagawana naye chipinda asanathamangire taxi mmawa. Kukazizira usiku dzanja limawotcha ngati alipaka tsabola wa kambuzi.

Dzulo bwana wandiitanira mu ofesi akuti dokotala wati uli fiti nde Lolemba ubwerere pa makina, ngati sukufuna nayi R10 000 ya mthumba mwanga usayine pepala ili tisiyane bwino ukapume kwanu. Sindinasayine, ndamuuza ndikaganize. Akazi anga ku Dedza akuti tangolandirani zonsezo mubwere Disembala tigule feteleza. Ine mutu waima. Kodi 11% imeneyi amaipeza bwanji, ndipo munthu ungathe kuitsutsa? Nanga ndalamayo ikalowa mu akaunti ndekuti ndavomereza? Amene munadutsamo ndithandizeni, paja safunsa anadya phula.

Mjomba_Mayfair

Eeeh pepani achimwene, sowo imeneyo ndi mfiti. Koma ine ndinene zoona zanga, tengani ndalamayo. 42 kuphatikiza 10 ya bwana ndi 52 sauzande, mukaisintha mu kwacha kumudzi ndinu bwana, mugula malata mutsegula kagolosale basi. Ife kuno ndi alendo, kulimbana ndi mapepala a boma la eni ake mutha nsapato pachabe, renti ya ku Turffontein ikukudikirani mwezi ndi mwezi ntchito mulibe. Msuweni wanga anathyoka mwendo pa ntchito ya zomangamanga anayendera nkhani yake mpaka anatopa anangokwera basi pa Park Station osalandira kanthu. Kapena ngati mukufuna kumenya nkhondo menyani yeniyeni, pezani loya musumire kampaniyo ku khoti poti anachotsa okha chotchingira, pamenepo nde pali mamiliyoni osati za maperesenti zanuzi kkkk

Madala_Steward

Pepani kwambiri achimwene ndi ngozi imeneyi. Ine ndinakhalapo shop steward, woimira antchito anzanga, zaka zingapo pa fakitale ina ya zitsulo ku Germiston, nkhani zonga yanuyi ndaperekeza zambiri ndithu. Loya sindine koma zomwe ndikudziwa ndikuuzani, mupirire ndilemba motalika.

A Mjomba, za kusumira kampani zija iwalani. Lamulo la kuno la anthu ovulala pantchito, COIDA ya 1993, gawo 35 linatseka khomo limenelo, wantchito sangasumire bwana wake chifukwa chovulala pantchito, mmalo mwake amalandira chipukuta misozi kuchokera ku thumba lomwe mabwana amasonkhako chaka ndi chaka. Mayi wina wa pa till anagwa mu supamaketi momwe ankagwira ntchito, anayesa kulitsutsa gawo limeneli mpaka ku Constitutional Court, ndi mlandu uja wa Jooste wa 1998, khoti linati lamulo lili bwinobwino. Nde loya akadzakuuzani kuti tipita ku khoti tikadye mamiliyoni a bwana wanu koma muyambe mwandipatsa kangachepe, gwirani chikwama muthawe. Thumba lalikulu ndi Compensation Fund ya ku Department of Employment and Labour, a zomangamanga ambiri ali ku FEM, a mmigodi ndi a zitsulo ali ku Rand Mutual, koma onsewa lamulo lake ndi limodzi lomweli.

Tsopano 11% yanuyo ndaiwerengera pano ndipo ndikuona ngati ndaipeza komwe yachokera. Kumapeto kwa lamuloli kuli mndandanda, Schedule 2, womwe unaika mtengo pa chiwalo chilichonse ngati nyama ya pa butchala, pepani ndi mawuwa koma ndi mmene ziliri. Dzanja kuduka pomwe limalumikizana ndi mkono ndi 50%, zala zinayi 40%, chala chachikulu chonse 25%, diso limodzi 30%. Chamkombaphala kuduka mfundo ziwiri ndi 8%, chapakati mfundo imodzi ndi 4%, zonse pamodzi 12%. Nde pansi pa mndandandawo analembapo kuti dzanja lamanzere atha kuliwerengera 90% yokha ya mtengowo poti anthu ambiri amagwirira lamanja, ndipo kwa munthu wamanzere lomwe amalitsitsa choncho ndi lamanja. 90% ya 12 ndi 10.8, ndi imeneyo 11 yanu. Mwaona? Akuwerengerani ngati munthu wamanja yemwe wavulala dzanja lothandizira chabe, pomwe inu lavulalalo ndi lomwe limagwira pensulo ndi tchizulo. Ndipo chala chachikulu, dzanzi, mphamvu yofinyira, zonsezo mu samuyi mulibemo ndi pang'ono pomwe.

Musawakwiyire kwambiri omwe analemba kalatayo, iwo dzanja lanu sanalionepo. Amaona pepala. Lipoti lomaliza lija, W.Cl.5, ndi lomwe limayankhula mmalo mwanu, chomwe dokotala sanalembe kwa iwo kulibe. Ndimawauza anyamata kufakitale kuti tsiku la lipoti lomaliza si tsiku lodzionetsa kulimba mtima, ife Amalawi vuto lathu dokotala akafunsa uli bwanji timati ndili bwino bwana, kwinaku tikukukuta mano.

Samu ya ndalama ili chonchi. Kulumala kwa 30% amakupatsa malipiro a pamwezi kuchulukitsa ka 15, kamodzi, kwa inu ndi R117 000. Kukachepera apo amagawa molingana, nchifukwa chake 11 yakupatsani R42 900, peresenti iliyonse kwa inu ndi R3 900. Koma mukangodutsa 30 nkhani imasintha, simulandiranso kamodzi ayi, imakhala penshoni ya mwezi ndi mwezi moyo wanu wonse. Wolumala 100% amalandira 75% ya malipiro ake, nde mwachitsanzo 40% kwa inu ingakhale R2 340 mwezi uliwonse. Pali malire a pansi ndi a pamwamba omwe amasintha chaka ndi chaka koma njira yowerengera ndi imeneyi. Nchifukwa chake mkangano waukulu umakhala pamzere wa 30 pamenepa. Sindikukulonjezani kuti mudutsa, chala chachikulu chanu chilipo ndipo chikugwirako pang'ono nde sangakupatseni 25 yonse, koma lamulo lomwelo limati chiwalo chomwe chasiyiratu kugwira ntchito chiwerengedwe ngati chaduka, limatinso zovulala zikakhala zingapo atha kuwonjezera pamwamba pa samuyo, komanso gawo 49 limalola kukweza peresenti ngati kuvulalako kwakupweteka mopitirira chifukwa cha mtundu wa ntchito yako. Mlonda ndi kalipentala akaduka zala zofanana sanataye zofanana.

Kutsutsa nkotheka, gawo 91. Fomu yake ndi W.G.29 ndipo nthawi yomwe ine ndinali steward ankapereka masiku 180, inu yambani kuwerenga pa deti yomwe ili pa kalatayo osati tsiku lomwe munailandira, kuti musapezeke mwachedwa. Koma musapite chimanjamanja nkumati dzanja likundipweteka, aliyense amatero. Kaitanitseni makope a W.Cl.4 lomwe ndi lipoti loyamba, W.Cl.5 yomalizayo, zomwe analemba a opaleshoni ndi a mafizo. Mukatero mukaonane ndi dokotala wina wa mafupa, makamaka wa za manja, ndi occupational therapist. Amenewa ali ndi kachipangizo kofinya komwe kamaonetsa mphamvu ya dzanja mu makilogalamu, amayeza manja onse awiri nkufananitsa, ali ndi kena koyezera kuti chala chikupindika madigiri angati, ndipo za dzanzizo pali kuyeza kwa mitsempha ndi magetsi komwe kumaonetsa ngati mtsempha unaduka kapena ukuchira. Manambala amenewo ndi omwe amamveka pa tebulo la ozenga nkhani. Pamakhala wapampando, wina woimira mbali ya antchito, wina ya mabwana, ndipo pa nkhani ya kuvulala chonchi atha kuikapo dokotala. Mukakapereka fomuyo akudindireni sitampu pa kope yanu, muisunge ngati phasipoti.

Ndalama ikalowa mu akaunti sikuti mwagulitsa ufulu wotsutsa ayi. Koma pepala la bwanalo musaligwire nkomwe. Kumbali ya chipukuta misozi gawo 33 limati pangano lililonse loti wantchito wasiya ufulu wake ndi lopanda ntchito, nde pamenepo sangakupwetekeni, koma ine ndikukayika kuti pepalalo ndi kalata yosiya ntchito mwakufuna kwanu. Mukasayina mwadzitsekera nokha ku CCMA, bungwe lomva milandu ya antchito ndi mabwana, komanso wosiya yekha ntchito salandira UIF, ndalama ya anthu omwe ntchito yawathera. Munthu wovulalira pantchito samangomuchotsa, bwana amayenera ayambe wafufuza ngati pali ntchito ina yopepuka yomwe mungagwire, ndipo akakuchotsani muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA.

NaBanda_Yeoville

Achimwene pepani, Mulungu akugwireni dzanja lomwelo. Mverani a Madala, zomwe akunenazi ife tinadutsamo ndi bambo a kunyumba kwanga.

Iwo anali pa ntchito yotsitsa katundu mu warehouse ina ku City Deep, phaleti inapendekeka matumba nkuwagwera pamsana. X-ray inaonetsa kuti palibe fupa lothyoka nde dokotala woyamba anangoti ndi minofu, mapilisi, sabata ziwiri abwerere. Munthu akulephera kuvala sokosi, mwendo wamanzere ukukoka, akakhosomola akukuwa. Atapita kachiwiri dokotala uja nkulemba zoti msanawu ndi ukalamba, unayamba kale kutha ngozi isanachitike. Munthu wa zaka 38 yemwe wanyamula matumba zaka zisanu ndi ziwiri osajombapo tsiku limodzi chifukwa cha msana, lero wakalamba? Ine ndinalira mu taxi kuchokera kutauni mpaka kunyumba anthu kumangondiyang'ana.

Chinatipulumutsa ndi zinthu ziwiri. MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, yomwe inaonetsa kuti kachinthu kapakati pa mafupa a msana kanaphulika nkumapana mtsempha wopita kumwendo, zomwe X-ray siionetsa, ndi kabuku ka sukulu ka 32 pages komwe ndinkalembamo tsiku lililonse, lero sanagone, lero agwa pokwera masitepe, lero mwendo wachita dzanzi kuyambira mmawa. Anthu ankandiseka kuti mayi mwasanduka nesi koma dokotala wachiwiri anakawerenga konse nkukaika mu lipoti lake. Tinapezanso kalata ya kuntchito yosonyeza kuti sanapemphepo sick leave ya msana chiyambire. Inu yanu nde yosavutako chifukwa palibe anganene kuti zala zinaduka ndi ukalamba kkkk pepani ndaseka, koma za dzanzi ndi kuwotcha usikuzo adzati mukuwonjezera, nde yambani lero kulemba, poto uja munapsa nayenso mulembe ndi deti yake, chipseracho muchijambule pa foni.

Sindikunamizani, zinatenga nthawi yaitali, chaka chinadutsa tikudikira tsiku lokamva nkhani yathu ndipo ndinkagwira manyumba atatu kuti renti ikwane. Apa a Mjomba sakunama. Koma peresenti inakwera, yomwe anatipatsa poyamba inali yochititsa manyazi. Chomwe ndikupempheni, za kupita kumudzi Disembala zo muganize kawiri. Akakuitanani kuti dokotala wawo akuyezeninso mumayenera kupezeka, nanga muli ku Dedza foni ya kuno yazima kalata yapita kwa landilodi yemwe anaika kale munthu wina mchipinda, mudzadziwa bwanji? Ngati nkupita pitani mutapereka kale fomu, nambala ya kuno ikhale yamoyo, akaunti ya ku banki musaitseke. Alamu anga a ku Dedza muwafotokozere bwinobwino samu ya a Madala ija, mzimayi akamva kuti peresenti imodzi ndi R3 900 adzakuuzani yekha kuti khalani konko.

Ndipo amayi anzanga ogwira mmanyumba amene mukuwerenga, nafenso tili mu lamuloli tsopano. Kale anatisiya kunja koma mu Novembala 2020 Constitutional Court inagamula pa mlandu wa Mahlangu, mayi uja anamira mu swimming pool ya abwana ake ku Pretoria mu 2012 mwana wake nkumenyera nkhondo mpaka kupambana. Nde ukagwa pa makwerero ukupukuta mawindo a madam usamangopaka Vicks nkukhala chete.

Kalipentala_Turf

A Madala mwanditsegula mmaso, ndawerenga katatu. Zoti 11 yachokera pa kundiyesa wamanja zandipweteka kuposa sowo, funso limodzi lokha akanandifunsa mkulu uja. Achemwali a NaBanda zikomo, kabuku ndagula kale pa spaza, ndayamba ndi za poto.

Koma ndili ndi mantha awiri. Dokotala wa manja wapadera ndi ndalama zingati, nanga ine panopa ndikudya za mnzanga? Chachiwiri nkhani ya chotchingira chija, anyamata mu shopu onse akudziwa koma ndani angayankhule, atatu mwa iwo ndi akwathu ndipo mapepala awo sali bwino, akangotsegula pakamwa ntchito yatha. Komanso mmawa mwake ngozi itachitika chotchingiracho anachibwezeretsa, ukalowa lero uona makina ali bwinobwino ngati sichinachokepo.

Chikondi_wa_Tembisa

Ndilowerereko pang'ono pepani eni nkhani. Zonsezi ndi za anthu a mapepala eti? Nanga ife ena phasipoti inatha kalekale masiku, tikavulala tingapite ku Labour osamangidwa? Mnzanga anapsa ndi mafuta pa ntchito ya kukhitchini bwana anangomupatsa R500 nkumuuza ukapita kokanena ndikuitanira apolisi. Komanso iye ntchitoyo analowera pa dzina la munthu wina.

Madala_Steward

Ndiyambe ndi inu a Chikondi. Lamuloli pofotokoza kuti wantchito ndi ndani silifunsa kuti ndiwe wa dziko liti, limaona ngati unalembedwa ntchito. Ngakhale Labour Court mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, inanena kuti mlendo yemwe pemiti yake inatha ndi wantchito ndithu ndipo malamulo a ntchito amamuteteza. Bwana yemwe akuopseza ndi apolisiyo nayenso ali ndi mlandu wolemba munthu wopanda pemiti, komanso lamulo limamukakamiza kunena za ngozi pasanathe masiku 7, akakana wovulalayo atha kudzaza yekha W.Cl.3 nkukapereka. Koma ndisakupakeni mafuta pakamwa, povuta ndi polandira ndalama, pamafunika chiphaso ndi akaunti ya ku banki ya dzina lomwelo lomwe lili pa mafomu. Nde mnzanuyo wolowera dzina la mwini wake ali pa mpanipani weniweni, pa pepala wovulala ndi munthu wina. Ameneyo asapite yekha ku ofesi iliyonse, ayambe wakaonana ndi anthu a malamulo osalipiritsa, ku Braamfontein kuli Wits Law Clinic ndi Lawyers for Human Rights, ku Germiston kuli Casual Workers Advice Office, kulinso Legal Aid. Asachedwe, nkhani ya ngozi isagone nthawi yaitali isanakafike ku thumba.

Achimwene a ku Turf, malo omwewa inunso akuthandizani kudzaza W.G.29 ndipo amadziwa madokotala omwe amalemba malipoti otere. Za ndalama ya dokotala, yambani ndi yemwe anakupangani opaleshoni uja. Iyeyo ndi amene analowa mkati mwa dzanja lanu, akudziwa mtsempha womwe anasoka ndi womwe unakanika, ndipo thumba limalipira chithandizo cha kuchipatala mpaka miyezi 24 chichitikireni ngozi, inu simunathe ndi chaka chomwe. Mukamuuze kuti dzanzi silikutha ndipo mwapsa osamva, chimenecho ndi chifukwa chokwanira choti akuoneninso pa nambala ya claim yomweyo nkukutumizani kokayeza mitsempha. A mafizo aja nawonso amakhala ndi manambala a mphamvu ya dzanja omwe ankalemba mukamapita, ambiri sadziwa kuti atha kuwapempha. Zikakanika apo R42 900 ikalowa mupatulepo ya lipoti musanatumize ku Mukuru, ndikudziwa feteleza akudikira koma lipotilo ndi lomwe lingabweze zambiri.

Za chotchingira musazitaye. Gawo 56 limati ngati ngozi yachitika chifukwa cha kusasamala kwa bwana kapena woyang'anira yemwe ali ndi udindo pa makinawo, mutha kupempha chipukuta misozi chowonjezera, ndipo muli ndi miyezi 24. Imeneyi ndi nkhani ina payokha, musaiphatikize ndi ya peresenti, yambani ndi ya peresentiyo poti masiku ake akuthamanga. Umboni sikuti ndi pakamwa pa anzanu pokha. Fufuzani mu foni mwanu ndi mwa anyamatawo, akalipentala mumakonda kujambula makabati mukamaliza kuti mutumize pa WhatsApp, penapake sowoyo ikuoneka kumbuyo ilibe chotchingira ndipo chithunzi chimasunga deti. Amene anasiya ntchito pamenepo nayenso alibe choopa. Akwathu atatuwo musawakakamize, nawo ali ndi ana.

Lolemba pitani kuntchito pa nthawi yake, musajombe, akapezerapo chifukwa. Koma pa sowo musakwere ndi dzanja losamva kutentha, mudzataya zotsalazo. Mulembereni bwana kakalata kachidule kuti mukutsutsa lipoti la dokotala ndipo mukupempha ntchito yopepuka podikira, musunge kope, mumutumizirenso pa WhatsApp kuti pakhale deti.

Mjomba_Mayfair

Chabwino a Madala ndagonja pa za loya, sindimadziwa. Koma pa za nthawi nde ndikanalipo, mwamva nokha a NaBanda chaka chathunthu. Achimwene ngati mukhale mukumenya nkhondoyi pezani kaganyu kena kosafuna zala, ine ndili ndi mnzanga amagulitsa makatani ku Fordsburg amafuna munthu woyeza mawindo, tepi mutha kugwira ndi lamanja. Ndilembereni ku inbox.

Kalipentala_Turf

Ndabwerako abale. Lachisanu ndinapita kwa dokotala wa kampani uja kukapempha kope ya lipoti, mlembi wake anayamba wandizunguza ati timapereka kwa kampani basi, ndinangokhala pa benchi osasuntha mpaka 2 koloko anandipatsa. Tsamba lake ndi limodzi. Palembedwa zala ziwiri zoduka, mabala apola, abwerere ku ntchito yake ya nthawi zonse. Chala chachikulu sanachitchule paliponse, zoti ndine wamanzere palibe, ndipo deti yomwe analemba kuti anandiyeza ndi ya tsiku lomwe ndinali ku mafizo, khadi langa la mafizo likuonetsa.

Chithunzi chapezeka a Madala. Mnyamata wina wa ku Ntcheu yemwe anasiya chaka chatha anajambula tili pa lunch Disembala, ine ndakhala pa benchi ndi chitini cha maheu, kumbuyo kwanga sowo ili mbee mpeni uli pamtunda. Wanditumizira ndaisunga malo atatu.

Lero bwana ndamupatsa kakalata kaja, anawerenga nkundiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti wakulembera ndani. Wandiika kopaka guluu ndi kulongedza mahinji, za R10 000 sanazitchulenso. Dokotala wa opaleshoni andipatsa pa 14 mwezi wa mawa, ku Braamfontein ndipita Lachitatu mmawa. A NaBanda, akazi anga akuti akufuna nambala yanu amve kwa mzimayi mnzawo, ine akuti ndikungofuna kutchona. A Mjomba ndakulemberani ku inbox, Loweruka ndili free.